Dzanja langa lamanzere ndi njinga yosintha magiya yokha

Chikhakha

Dzanja langa lamanzere linathyoka pa mfundo, pomwe timavala wotchi paja. Tinkamanga waya wamagetsi pamwamba pa mpanda wa nyumba ina ku Centurion, makwerero anatsetsereka pa matailosi onyowa, ine pofuna kudziteteza ndinatsamira dzanja pansi nde ndinangomva kuti thyo. Masabata 6 mu chikhakha. Atachichotsa adokotala anati fupa lalumikizana bwinobwino, ndipo sananame ayi, zida ndimanyamula, mwana ndimanyamula, koma chinthu chimodzi chinandikanika: kufinya klatchi ya njinga yamoto kambirimbiri.

Ine ndimakhala ku Rosettenville ku Joni koma ntchito ndi ku Midrand, nde mmawa uliwonse ndimalowa msewu waukulu wa M1, kudutsa mtauni, Killarney, Grayston, Marlboro, pa Buccleuch nkulowa N1. Amene mumayenda msewu umenewu mukudziwa kale mmene umakhalira cha m'ma 7 koloko. Ndiponso chinali chaka cha 2023 chija magetsi ankazima tsiku ndi tsiku, maloboti ali zii, mphambano iliyonse ima, sendera pang'ono, imanso, sendera, ndipo kusendera kulikonse dzanja lifinye ndi kutaya. Ndikamafika pa Grayston zala ziwiri zakumapetozi zimakhala zachita dzanzi, ululu wakwera mpaka pa chigongono. Madzulo amayi a kunyumba amandithowa ndi madzi otentha osalankhula kanthu, mpaka tsiku lina anangoti, "Inu bambo, gulitsani njingayi muziyenda pa taxi ngati anzanu, dzanjali ndi limene tikudyera."

Zinandipweteka mawu amenewo chifukwa anali oona. Koma taxi kuchoka kwathu kukafika kuntchito ndi ziwiri, nthawi zina zitatu, ndipo ntchito yathu timaitanidwa pena paliponse geti likakanika kutseguka. Popanda njinga ine ndine munthu wopanda miyendo.

"Imeneyo ndi sikuta, aise"

Mnzanga wina wa ku Mangochi amene amakonza njinga za anyamata operekera zakudya aja ndi amene anayambitsa nkhani ya NC750X ya Honda, njinga ija yokhala ndi DCT, makina osintha magiya okha. Anati kuli mzungu wina wachikulire akugulitsa yake ya 2017, yoyenda pang'ono, bwanji osakaiona. Ndinakana pomwepo. Ndinati ine sindingakwere sikuta.

Kukanako kunali ndi mizu yake. Njinga anandiphunzitsa ndi malume anga ku Ntcheu, pa bwalo la mpira la sukulu, pa kanjinga ka ku China kaja a kabaza amayendera. Tsiku lonse loyamba sanandilole ngakhale kuika giya 2. Ankangoti finya, taya pang'onopang'ono, imva pomwe ikuyamba kukoka, finyanso. Ikazima amandiuza nditsike ndiitchaye ndekha. Amati, "Mphwanga, njinga ndi klatchi, enawa angokwera koma sadziwa kuyendetsa." Mawu amenewo ndinakula nawo, ndipo ndikaona munthu pa sikuta mumtima ndinkati uyu sanaphunzire.

Anzanga a Lamlungu, amene timakumana tikaweruka ku tchalitchi nkumaonetsana njinga, analankhula zomwezo atamva kuti ndikuganizira. Wina anati, "Imeneyo ndi sikuta yaikulu aise, ungogula kabasiketi uike kutsogolo." Sindinawayankhe chifukwa theka la mtima wanga linkagwirizana nawo.

Chinandipititsa kukaiona ndi ululu basi, osati kukhutira.

Zomwe zili mkatimo

Ndinapita ndi mnzanga wa ku Mangochi uja, ndipo ndi iye amene anandimasulira nkhaniyi atakhala chonjuta pambali pa injini, akuloza ndi sikuludiraiva. Sikuta ilibe magiya enieni, imayendera lamba amene amakwera ndi kutsika pa mapule, nchifukwa chake imalira mawu amodzimodzi ngati chigayo. Iyi ili ndi magiya 6 achitsulo ngati njinga ina iliyonse, ndi tcheni kumbuyo. Kusiyana kwake nkwakuti klatchi si imodzi koma ziwiri, ina imagwira giya 1, 3 ndi 5, inzake imagwira 2, 4 ndi 6. Nde ukamayenda pa 3, giya 4 imakhala yalowa kale ikungodikira, nthawi ikakwana klatchi iyi imataya inzake nkugwira, tayala lakumbuyo osaleka kukoka. Zonsezi zimakankhidwa ndi oilo, ndipo kakompyuta ndi kamene kamaona liwiro ndi mmene wapotozera moto nkuganiza kuti tsopano ndisinthe.

Si zinthu za dzulo ayi. Honda inayamba kuika DCT pa njinga mu 2010 pa VFR1200F, kenako mu 2012 inabwera pa NC700, imene mu 2014 inakula kukhala NC750, ndipo mu 2016 inafikanso pa Africa Twin. Yanga ndi ya 745cc, masilinda awiri opendekera kutsogolo, injini yosakonda kukuwa, imakoka kuchokera pansi ngati ya galimoto. Pomwe mumayembekezera thanki ya mafuta pali bokosi loti helemeti yathunthu imalowa nkutseka, thanki yeniyeni ya malita 14 ili pansi pa mpando. Kulemera ndi makilo pafupifupi 230, ndipo 10 mwa amenewo ndi a DCT yomweyo.

Pa handulo yakumanja pali batani la N, D ndi S. Ukaliza injini imakhala pa N, ukadina D umamva kuti kho pansipo, basi wapotoza moto wanyamuka. Kumanzere kulibe chofinya, phazi lamanzere lilibenso choponda. Pali timabatani tiwiri, chala cholozera chimakweza giya, chala chachikulu chimatsitsa, ngati wafuna kulowererapo wekha. Palinso kabuleki koimikira ngati handibuleki ya galimoto, chifukwa njinga imeneyi sungaisiye mu giya pamtsetse ngati timachitira zinazi.

Ndinaizungulitsa kawiri mu msewu wa mdala uja, ndipo ndinene zoona sindinaikonde. D imathamangira kukweza magiya, usanafike 70 yafika kale pa 6 injini ikungoti gudugudu ngati ikufuna kutsokomola. Koma nditatsika dzanja silinkapweteka. Ndinagulitsa yakale ija, amayi a kunyumba anawonjezera za ku chipereganyu chawo, tinaitenga.

Miyezi yoyamba ndinkaikwera ngati mankhwala. Pagulu la Lamlungu ndinkafotokoza za dzanja munthu asanandifunse nkomwe.

Madzulo aja pa M1

Inali January, mvula ija ya ku Joni imene imabwera cha m'ma 4 koloko ndi ziphaliwali, kumwamba kuda ngati usiku. Ndinkabwerera kunyumba, ndadutsa Empire Road, ndikuyandikira pomwe msewu umasanjikizana pawiri pafupi ndi Newtown. Mvula inali itangokata kumene koma phula lili nyezinyezi, madzi a matayala a magalimoto akuwaza pa galasi la helemeti. Magalimoto ankayenda ndithu, mwina 70 kapena 80, ine ndili mu mzere wapakati, sindinkadutsa pakati pa magalimoto chifukwa pa mvula sindichita zimenezo.

Kutsogolo kwanga kunali taxi. Sindikudziwa chomwe dalaivala anaona, ndinangoona magetsi ofiira kuti ngwee, kumbuyo kwa taxi kukutukuka, ikuima ngati yagunda khoma. Ndinagwira buleki yakutsogolo ndi mphamvu zonse, phazi pa yakumbuyo, ABS, ija yoletsa matayala kutsetsereka pogwira buleki, ikunjenjemera m'zala, njinga inaima tayala latsala pang'ono kwambiri kukhudza bampala, moti ndinkawerenga kasitika kachikasu kamene kanamatidwa pa chitseko chakumbuyo.

Nde ndinamva phokoso kumbuyo. Si kulira kwa matayala kuja timamva pouma, pa madzi limakhala ngati munthu akung'amba chinsalu chachikulu. Ndinaponya diso pa galasi lakumanja ndikuona bakkie, galimoto ya pikapu, yoyera yodzadza makwerero pamwamba ikubwera chammbali pang'ono, mawilo osazungulira. Kumanzere kwa taxi kunali mpata, pakati pa iyo ndi galimoto ina yaing'ono, mpata woti njinga ingolowa. Ndinapotoza moto nkupendekera momwemo. Njinga inanyamuka nthawi yomweyo, osadodoma, osagwedezeka, ndipo ndisanafike ngakhale pa chitseko cha taxi ndinamva kuti phwaa, taxi yonse inadumphira kutsogolo pambali panga, magalasi akuyoyoka pa phula pomwe ndinaima paja.

Palibe anavulala kwambiri, tithokoze Mulungu, anthu anatuluka akutukwanizana, mayi wina atagwira khosi. Ine ndinaima kutsogolo pang'ono, ndinaona kuti aliyense ali moyo, kenako ndinapitirira mpaka ku Booysens nkukaima pa malo ena omwetsera mafuta chifukwa miyendo inayamba kunjenjemera moti sindikanafika kunyumba.

Ndinakhala pa kakhonde ka simenti pafupi ndi pampu ya mpweya, helemeti pa maondo, nkuyamba kubwereza zonse m'mutu. Pomwe ndimagwira buleki ndinali pa giya 6. Pomwe ndimapotoza moto ndinali pa 1. Pakati pamenepo panadutsa masekondi angati kaya, atatu mwina, ndipo ine sindinaganizeko za giya ngakhale kamodzi. Njinga inatsitsa yokha kasanu ine ndili kalikiliki ndi buleki.

Pa njinga yanga yakale ndikudziwa chomwe chikanachitika chifukwa chinandichitikirapo. Ukaima mwadzidzidzi chonchija dzanja limafinya klatchi lokha, limenelo ndiye tinaphunzira, koma phazi limaiwala kutsitsa, limakhala pa buleki linalo likufunafuna pansi. Umapezeka waima uli pa giya yapamwamba. Ukataya klatchi imazima, ukafuna kutsitsa uyenera kuponda kanayi kasanu ndipo njinga itaima magiya amakana kulowa mpaka uigwedeze. Zinandichitikira pa mphambano ina kwathu komweko maloboti atazima, amayi a kunyumba ali kumbuyo, njinga inazima pakati penipeni galimoto zikutiimbira mahutala mbali zonse. Tsiku limenelo kunalibe bakkie yotsetsereka.

Sindikunena kuti makina anandipulumutsa okha. ABS inagwira ntchito yake, mpata uja unalipo mwa chisomo, ndipo kuyang'ana pagalasi ukaima mwadzidzidzi anandiphunzitsa ndi malume omwe aja. Koma sekondi imene ndikanaitaya posakasaka giya ndinali nayo m'manja, ndipo ndi imeneyo ndinatulukira.

Nditafika kunyumba sindinanene chilichonse mpaka titadya. Nditafotokoza, amayi anangodzuka nkupita panja pomwe timaimika njinga, anakaima pamenepo nthawi ndithu mumdima, kenako anabwera nkuti, "Mawa muipukute, yadetsedwa ndi matope."

Maso

Chomwe chinasintha kuyambira tsiku limenelo ndi mmene ndimaionera ntchito yoyendetsa. Kale ndinkaona ngati luso lili m'dzanja ndi m'phazi, kusintha giya mosamveka, kunyamuka pa chitunda osabwerera mmbuyo. Zimenezo ndi luso ndithu ndipo ndimalilemekeza. Koma mu msewu wa tsiku ndi tsiku chomwe chimakusunga ndi maso. Panopa ndimaona zinthu zimene kale zinkandidutsa: tayala lakutsogolo la taxi likayamba kupendeka indiketa isanayake, munthu wa m'mphepete mwa msewu akakweza chala ndimadziwa kuti taxi ili kutsogolo kwangayi iima pompano, mutu wa dalaivala ukaweramira pa foni ndimauona kudzera pa galasi lake lakumbuyo. Ndinkaganiza kuti kusintha magiya sikundidyera maganizo poti ndinazolowera, koma kanalipo kagawo kena ka mutu kamene kankakhala pamenepo nthawi zonse, ndipo ndinakazindikira katamasuka.

Ndinaphunziranso kuilankhula njingayo. D ndimaigwiritsa pa msewu waukulu pomwe ndikufuna kusunga mafuta, ndipo ndimapeza makilomita 27 kapena 28 pa lita. Mtauni ndimaika S, ili ndi magawo atatu, ine ndimakonda loyamba chifukwa limagwira giya nthawi yotalikirapo osakuwitsa injini. Ndikafuna kupitirira lole ndimadina chala chachikulu kawiri ndisanatuluke, imatsitsa pomwepo, ndikamaliza imabwerera yokha ku ntchito yake. Amayi a kunyumba akakwera kumbuyo mahelemeti athu sagundananso posintha giya, poyamba ankangoti go, go, ulendo wonse.

Anzanga a Lamlungu ena akadali pa mawu awo a sikuta. Sindilimbana nawo. Ndimangoona kuti mafakitale ena alowanso momwemo: mu 2024 Yamaha inatulutsa Y-AMT pa MT-09 kenako nkuiika pa MT-07, kumeneko klatchi ndi imodzi koma timamota timafinya ndi kusintha m'malo mwako. Chaka chomwecho Honda inabweretsa E-Clutch pa CB650R ndi CBR650R, imene giya umaponda wekha ndi phazi, chofinyira chilipo koma ukhoza kuyenda tsiku lonse osachikhudza. Imeneyo ndimaiganizira nthawi zina, mwina ikanandikwanira dzanja langali nkundisiyira phazi. Koma madzulo aja pa M1 phazi ndi limene likanandichedwetsa.

Zomwe ndinataya

Pali chinthu chimodzi chimene klatchi imachita bwino kuposa kompyuta, ndipo ndi chomwe chija malume anandigoneka nacho tsiku lonse pa bwalo la mpira: kuyenda pang'onopang'ono kwambiri. Kutembenuka pamalo opanikiza, kukwera kakhonde polowa pa geti, kuyenda pa mchenga. Pamenepo timaseweretsa klatchi pakatikati, injini ili ndi moto koma tayala likulandira pang'ono. Pa njinga iyi chala chimenecho ulibe. Ukachepetsa moto kwambiri imataya yokha nkukhala ngati yamasuka, ndipo makilo 230 akayamba kupendekera mkati mwa kona ulibe chowadzutsira msanga.

Ndinaigwetsa kamodzi, pa geti la kasitomala, ndikutembenuka pa timiyala. Cholakwa chinali changa, ndinatseka moto pakati pa kona. Nditatero ndinayamba kupita pa malo oimika galimoto a tchalitchi Loweruka mmawa kulibe anthu, kuika mabotolo awiri a madzi pansi nkumazungulira ngati 8. Njira yake ndi buleki yakumbuyo: moto usautseke, ugwire pang'ono osasintha, liwiro uzilichepetsa ndi phazi lakumanja. Zinanditengera masabata angapo kuti phazi liphunzire ntchito imene dzanja linkachita. Panopa ndimatembenuka mu msewu wopapatiza osaponda pansi, koma ndinachita kuyambiranso ngati mwana, nde amene akuganiza kuti otomatiki ndi yongokwera nkumapita adziwe zimenezi.

China choopsa ndi chizolowezi chathu chopotoza moto titaima, kuti injini ilire. Pa njinga ya klatchi palibe vuto. Pa iyi ngati ili pa D, ukapotoza yanyamuka. Mwana wa achimwene anga anabwera kudzaisirira ndili chikhalire pampando injini ikulira, dzanja lake linapita pa handulo ngati mmene ana amachitira, mwayi ndinali nditagwira buleki. Kuyambira pamenepo ndikangoima polankhula ndi munthu ndimadina N kaye, ndipo mwana aliyense akayandikira ndimazimitsa.

Funso la malume

Pa Khirisimasi ndinawaimbira malume pa WhatsApp nkuwaonetsa njingayo, kuzungulira nayo foni mbali zonse. Akalamba tsopano, njinga anasiya, maso akuvuta. Anayang'ana nthawi yaitali handulo yakumanzere ija. Ndinkadikira kuti anene mawu awo akale aja, koma anafunsa zina. Anati, "Nanga batire ikafa mumatani mphwanga, imalira yokankha?"

Siilira. Kikisitata ilibe, ndipo kukankha sikuthandiza chifukwa klatchi zake zimadalira oilo wopopedwa ndi injini, injini ikakhala chete palibe chogwira. Kwathu kumene njinga iliyonse imadzuka ndi anyamata awiri ndi kamtsetse, limenelo ndi vuto lenileni. Anafunsanso ngati amakaniko a pa Ntcheu boma angaitsegule. Ndinawauza kuti tcheni, mabuleki, matayala ndi oilo angathe bwinobwino bola adziwe kuti mafyuluta a oilo ndi awiri, ina ya injini ina yaing'ono ya klatchi, koma za mkati mwa DCT zimafuna kompyuta yoyezera. Anagwedeza mutu nkuti, "Ndiye ya mtauni imeneyo."

Sindinatsutse, chifukwa pa zimene iwo akudziwa akunena zoona. Ndikanakhala kuti ndikuyenda Ntcheu, Kasinje, Golomoti nthawi ya dzinja ndi matumba a feteleza kumbuyo, ndikanafuna njinga yopepuka ya klatchi imene aliyense angaikonze pansi pa mtengo. Koma ine ndimayenda M1 kawiri patsiku ndi dzanja lomwe linathyokapo.

Ndinawafotokozera za bakkie ija. Anakhala chete, kenako anafunsa chinthu chimodzi chokha, ngati ndinayang'ana pagalasi ndisanamve phokoso kapena nditamva. Ndinati nditamva. Anati, "Mochedwa. Ukangogwira buleki diso lipite pagalasi, usadikire khutu."

Tikuganiza zobwera nayo kumudzi chaka chino mvula ikatha, kudzera Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete mpaka pa Dedza, amayi a kunyumba adzatsogola pa basi ndi mwana ndi katundu. Ndagula kale kabatire kakang'ono kodzutsira injini, kamakhala mu bokosi lija limodzi ndi jekete la mvula, ndipo fyuluta yaing'ono ija ndatenga ziwiri. Malume ati adzafuna kukwera kumbuyo kuchokera kunyumba kukafika pa bwalo la mpira lija, kuti adzamve okha ikamasintha.